Alamu Anga Bonifasi ndi Nkhosa ya Che Sharifu

Alamu anga a Bonifasi anagulitsa nyama pa Madisi kuyambira ine ndili kamtsikana mpaka ndevu zawo zitayera, koma pa zaka zonsezo sanaphepo ngakhale mbuzi imodzi. Musaseke, ndi zoona. Munthu wake ndi chimphona, ndipo akaitana kasitomala mawu ankamveka mpaka ku mishoni. Nkhwangwa ankaidziwa, sikelo ankaidziwa kuposa masiku obadwa a ana awo, koma mpeni wa pakhosi sunali wawo. Ntchito imeneyo inali ya Che Sharifu.

Kwathu kuno ukafuna kuti nyama yako ithe dzuwa lisanapendeke, chiweto chako azinge Msilamu. Akatero aliyense amagula, wa ku mzikiti ndi wa ku tchalitchi yemwe. Ukazinga wekha, eni magolosale ndi matelala amangokudutsa ngati sakukudziwa. Alamu anga ndi Mkatolika wa kolona m'khosi, ndiye atangokwatira achemwali anga a Kristina anapangana ndi Che Sharifu, telala wa pakhonde la sitolo ina, kuti azizinga ndi iwo.

M'mawa uliwonse wa tsiku la msika ankakumana kuseri, pansi pa mkuyu. Alamu anga ankagwetsa mbuzi, kuigwira miyendo, n'kuitembenuza kuti iyang'ane kumene Asilamu amayang'ana popemphera. Che Sharifu, kamunthu kowonda ka kofiya yoyera, ankamasula mpeni mu kansalu kawo, kunong'ona mawu awo, n'kudutsitsa kamodzi kokha. Akatero ankasamba m'manja, kutenga kachidutswa ka pakhosi komwe kanali gawo lawo, n'kupita kukasoka.

Chomwe sankaphonya ndi kukangana. Alamu anga ankawatcha anzawowo Shehe, ngakhale sanali shehe, ndipo iwo ankabwezera ndi dzina loti Akatekisiti, chonsecho alamu anga ankagona ulaliki usanafike pakati. Nthawi ya riferendamu ndiye zinafika poipa. Alamu anga anali a tambala wakuda, Che Sharifu anali a nyali. Ankatsutsana mbuzi ili pansi ikudikira, wina kunena kuti matipate ndi nkhondo, wina kuti watopa kugulira khadi la chipani mwana ali m'mimba. Nyali itapambana alamu anga anakhala sabata osalankhula nawo, koma miyendo ya mbuzi ankagwirabe.

Patangotha chisankho chachikulu, Che Sharifu anagwa pa makina awo osokera. Anawathamangitsira ku chipatala cha mishoni, moyo unatsala, koma dzanja lamanja linafooka ndipo lilime linalemera. Akazi awo anali atamwalira kale, ndiye mwana wawo Tahira, yemwe anakwatiwa ndi dalaivala wa malole ku Kawale, anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Lilongwe. Alamu anga anapeza bambo wina wa ku mzikiti woti azizinga. Bamboyo analibe vuto lililonse, koma alamu anga ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti amacheka ngati akucheka thabwa.

Ine dzina langa ndi Rebeka, ndipo masiku amenewo ndinali nditayamba geni ya kaunjika, moti ku Lilongwe ndinkapita pafupipafupi kukatenga mabelo. Tsiku lina ndinakumana ndi Tahira pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, nkhope itagwa.

"Ababa sakudya," anatero. "Kaphala pang'ono, basi. Nyama akangoiona amakankha mbale. Adokotala akuti mankhwala awa opanda chakudya sagwira ntchito, ndipo akapitiriza chonchi sitikolola nawo chimanga. Dzana ndinawamva akutchula nkhosa yaing'ono, ngati ija amayi ankawaphikira pa Idi. Ndagula, ndaphika, ayi ndithu."

Nditafikitsa uthengawo ku Madisi, alamu anga anaika nkhwangwa pansi.

"Mwana uja sadziwa nyama," anatero. "Anthu a m'tawuni amugulitsa zinyalala. Mawa ndikupita ndekha."

Achemwali anga anangondiyang'ana, ine n'kudziwa kuti mawa sindigulitsa. Munthu ameneyu Lilongwe anaiona komaliza Kapitolo ikumangidwa, ndipo akanasochera asanatuluke mu depoti.

Tinafika dzuwa litakwera ndithu. Makonde onse anali atadzaza mavenda, wina ndi mabatire, wina ndi nsapato za mwendo umodzi, ndipo alamu anga ankadumpha katundu wa eni ake akung'ung'udza kuti walira mvula walira matope. Ndinawauza kuti tifunse anthu kumene kumapezeka nkhosa yabwino. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ine, zaka zonsezi, ndikafunse za nyama? Mlamu, mphuno iyi si yokongoletsera nkhope."

Poyamba tinalowa mu msika wina, pa mzere wa mabutchala. Alamu anga atangotchula nkhosa, bambo wina wa epuloni yamagazi analumpha kuti ilipo bwana, yophedwa lero lomwe, n'kutsitsa mwendo pa ngowe. Alamu anga anautembenuza n'kupeza kamchira kouma, kaubweya, koloza kumwamba.

"Achimwene, iyi dzulo inali pa chulu ikudya masamba a eni ake. Ndi mbuzi iyi."

"Ku tawuni kuno mbuzi ikanenepa ndi nkhosa, madala," anatero bamboyo osachita manyazi n'komwe.

Pena tinapeza nkhosa yeniyeni, koma inali nkhalamba yamphongo, mafuta achikasu, fungo lake lokubweza ukadali pakhomo. Kenako ine, mwa uchitsiru wanga, ndinawalowetsa mu sitolo yaikulu ya magalasi, mozizira ngati mwezi wa Juni pa phiri la Ntchisi. Nyama inali m'timbale, yokutidwa ndi pulasitiki, yopanda mutu, yopanda mchira, yopanda chikopa. Alamu anga anafunsa mtsikana wogulitsa kuti yazingidwa ndi ndani, iye n'kuyankha kuti imabwera pa galimoto. Anafunsa kuti inkadya kuti, mtsikanayo n'kuyang'ana ine kuti ndimuthandize. Ndisanatsegule pakamwa, chala cha alamu anga chinali chitaboola kale pulasitiki, chikubwerera kumphuno. Mlonda anatiperekeza mpaka panja mwaulemu wonse, koma ine manyazi anandigwira moti ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Apo ndiye ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti safunsa anadya phula, ndipo ngati akufuna kudya phulalo adye okha. Tinali pafupi ndi mzikiti anthu akutuluka ku mapemphero a masana, ndiye ndinagwada pamaso pa bambo wina wachikulire n'kufunsa. Sanachedwe n'komwe. Anati tizungulire kuseri kwa masitolo a amwenye, tikafunse kwa Hashim, ndipo tifulumire chifukwa nkhosa yake sikhalitsa.

Kanali kasitolo kakang'ono, khoma lopaka laimu, waya pa mawindo, ntchentche osaoneka ngakhale imodzi. Hashim mwini wake anali bambo wamfupi wa magalasi, wolankhula motsitsa. Anatitulutsira nthiti zing'onozing'ono, nyama yofiirira bwino, mafuta oyera olimba, mchira wonenepa uli pomwepo kuti aliyense adzionere. Alamu anga anadina, ananunkhiza, anayang'ana mmene fupa analidulira mosaphwanya. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sananyoze kanthu. Potuluka anandinong'oneza kuti ameneyu ndi munthu, ndipo kwa alamu anga palibe chiyamikiro choposa pamenepo.

Ku Kawale tinawapeza Che Sharifu pakhonde, mkanjo utawakulira, dzanja lamanja lili pamwendo ngati la mwini wake wina. Mtima wanga unasweka. Koma alamu anga anakuwa monga mwa masiku onse.

"Shehe! Mwatha bwanji chonchi? Akukudyetsani mphepo kuno?"

"Akatekisiti," anayankha pang'onopang'ono, mawu akukoka. "Mbuzi mwasiyira ndani?"

Tahira anaphika nthitizo ndi anyezi ndi adyo, pambali mpunga. Fungo linadzaza nyumba mpaka ana a kwa aneba kudzaima pa mpanda. Mbale itaikidwa patsogolo pawo, Che Sharifu anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Wazinga ndani?"

"Hashim," anatero alamu anga monyadira. "Msilamu weniweni, wa kuseri kwa amwenye. Ndasankha ndekha, ndi maso angawa."

"Mulungu amudalitse," anatero Che Sharifu, n'kukankha mbale ndi dzanja lamanzere.

Kutacha alamu anga anandikoka kubwerera kwa Hashim, akufuka ukali. Sindikudziwa kuti ankati akamuimba mlandu wanji munthu wosalakwayo. Anayamba ndi mawu okweza, akuti nyama yanu wodwala waikana, koma Hashim anangowapatsa mpando n'kufunsa kuti wodwalayo ndi ndani, ankagwira ntchito yanji. Atamva, anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Ndiye kuti nyama yonse yomwe bambowo adya chikulire chawo, anazinga okha?"

Zinali zoona. Pa Madisi panalibe nyama yolowa m'nyumba ya Che Sharifu yomwe sinadutse pa mpeni wawo, kaya ndi ya pa ukwati, pa sadaka kapena pa Idi.

"Bambo anga anali chimodzimodzi," anatero Hashim. "Sikuti akukayikira ine. Mbale iliyonse yomwe mukuwapatsa ikuwauza kuti ntchito yawo inatha, ndipo wina akuigwira. Ine ndikhoza kukugulitsani nyama tsiku lililonse, koma mukungotaya nthawi. Apititsireni yamoyo."

Anati ali nazo zingapo mu khola ku Likuni, tikhoza kukasankha. Alamu anga anathokoza kwambiri, anamugwira chanza ndi manja awiri, koma titangotuluka anati nkhosa za m'tawuni zimadya mapepala. Mnzawo akazinga nkhosa ya kumapiri kapena osazinga n'komwe. Ndinawakumbutsa kuti Likuni ili pomwepa, ndipo mabelo anga akundidikira, koma kulankhula ndi alamu anga akatsimikiza chinthu kuli ngati kuthira madzi pa msana wa bakha.

Tinabwerera ku Madisi. M'mawa mwake anakwera njinga kulowera kumapiri a ku Ntchisi, kumene ankagulako mbuzi, mvula itawononga msewu moti njingayo ndi imene inkakwera iwo m'malo ambiri. Anabwerako madzulo ali matope mpaka m'makutu, mu dengu muli kankhosa koyera ka mutu wakuda, konenepa bwino, nyanga zisanatuluke. Achemwali anga anakamwetsa madzi n'kukagoneka mu khitchini.

Vuto linabuka pa siteji. Inali nyengo ya dzinja, kumwamba kutachita mdima chakum'mawa, ndipo kwathu aliyense amadziwa zoti nkhosa ndi mphenzi n'zachidani, zikaonana zimamenyana. Minibasi yoyamba inatikana. Yachiwiri kondakitala analola, koma amayi ena anayamba kutsika ndi ana awo, akuti iwo sanatsanzike kunyumba kuti akukafera nkhondo ya eni ake. Tinathera pa matola, kagalimoto kotsegula kumbuyo kodzaza matumba a mbatata. Titadutsa Mponela kunagunda kamodzi, ndipo bambo wina anayamba kumenya denga la dalaivala kuti aime. Alamu anga anavula jekete lawo la ku tchalitchi n'kukafunditsa kankhosako mutu ndi thupi lomwe.

"Mphenzi siikaona," anatero. "Khalani pansi."

Chodabwitsa n'chakuti bamboyo anakhaladi pansi. Pa Mtengowanthenga mvula inatsanuka, alamu anga ananyowa mpaka malaya kumata pathupi, koma kankhosa kanafika ku Kawale kouma.

Che Sharifu anali m'nyumba pamene kanalira pabwalo. Tahira akuti anawaona akutukula mutu. Anatuluka okha atagwira khoma, anakayang'ana kankhosako kuyambira kumutu mpaka kumchira, kenako anayang'ana alamu anga.

"Ya kuti?"

"Ya kumapiri. Mukuganiza kuti ndingakubweretsereni ya pa mtaya?"

"Tahira," anatero Che Sharifu, "mpeni wanga."

Unali pansi pa sutikesi, mu kansalu kake komweko. Alamu anga anautenga n'kuyamba kuunola pa sitepe ya simenti, ndipo pomwepo tinamva mawu omwe tinali titawaiwala.

"Osanola pamaso pake! Zaka zonsezi simunaphunzire? Pitani kuseri. Ndipo kamwe madzi kaye."

Alamu anga anapita kuseri akumwetulira ngati mwana wopatsidwa siwiti. Atabwerako anagoneka kankhosa pa udzu, kuyang'anitsa koyenera, n'kugwira miyendo. Amuna a Tahira, omwe anali pa tchuthi tsiku limenelo, anathandiza apongozi awo kugwada, n'kunena mwaulemu kuti ngati n'kovuta akhoza kuzinga iwo. Che Sharifu anachita ngati sanamve. Anaika mpeni m'dzanja lamanja, kupinda zala ndi dzanja linalo, n'kuweramira pakhosi. Mpeni unagwera pa udzu. Anautola, anayesanso, unagwanso.

Tahira anabisa nkhope mu mpango. Ine ndinkaona kuti tabwera kudzamupha munthuyu ndi manyazi, ndipo ndinadana ndi ulendo wonsewo, ndi Hashim yemwe, ndi jekete lomwe. Che Sharifu anayamba kudzikoka kuti aimirire.

"Mlamu," anatero alamu anga, "gwira miyendo iyi."

Ine wa kaunjika, chitenje changa chatsopano, ndinagwada pa udzu wonyowa n'kugwira yakumbuyo, amuna a Tahira yakutsogolo. Alamu anga anazungulira n'kugwada kumbuyo kwa mnzawo. Anatola mpeni, anauika m'dzanja lofookalo, anapinda zalazo chimodzichimodzi, kenako chidzanja chawo chinakuta pamwamba.

"Shehe, dzanja ndi lanu, mpeni ndi wanu, mawu ndi anu. Ine sindikuzinga. Ndangogwira, monga ndimagwirira."

Che Sharifu anayang'ana manja awiriwo. Ndikuganiza kuti ankaweruza mlanduwo mumtima, ndipo tonse tinadikira chigamulo.

"Musatsogole," anatero pomaliza. "Mudikire ine."

"Ndinakutsogolerani liti?"

Anapuma mozama n'kutchula dzina la Mulungu. Lilime lomwe linkakoka mawu aliwonse linatulutsa amenewo bwinobwino, osapunthwa. Mpeni unadutsa kamodzi.

Zotsalazo zinali za alamu anga. Anakapachika pa mtengo wa mango, kusenda, kutumbula, kudula, Che Sharifu ali pa mpando akulamula kuti chikopa asaboole, ndulu asaphulitse, ngati kuti munthuyo wayamba ntchito dzulo. Alamu anga ankayankha kuti telala aziona za mabatani. Tahira anatenga khosi, gawo la wozinga, n'kuliwiritsa lokha ndi kamchere ndi anyezi mpaka nyama kuyamba kulekana ndi fupa.

Anawapatsa mu bakuli, ife tonse tikunamizira kuyang'ana kwina. Che Sharifu anagwira supuni ndi dzanja lamanzere, mosazolowera, msuzi wina kutayikira pa mkanjo. Anamwa. Anamwanso. Kenako anasiya supuni n'kutola fupa ndi zala.

Alamu anga anaimirira n'kunena kuti akukasamba m'manja. Patapita nthawi osabwera ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza pa mpopi kuseri kwa nyumba, madzi akungotayika, chimphona chonse chija mapewa akugwedezeka. Chikwatire achemwali anga ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo chipongwe chonse chomwe ndinawakonzera m'njira chinandithera pakamwa. Ndinangotseka mpopi n'kuima pomwepo, nanenso ndikupukuta m'maso.

Ndiye Tahira anasuzumira pa zenera la khitchini, akuseka misozi ili m'masaya.

"Ankolo, bwerani msanga. Ababa akufunsa kuti chiwindi mwabisa kuti."